Musanagulire mwana kawailesi ka nthano, funsani kaye kuti kalankhula mawu a yani

Pa tsiku la msika ku Nsaru, ku Namitete kapena ku Mpingu, benchi la ogulitsa zamagetsi silisowa anthu. Pamakhala matochi, timasola, matchaja a foni, timasipika ta bulutufu ndi tiwailesi tating'ono tolowa memori, tina tokhala ndi tochi kumutu kwake. Ambiri ogula amafuna nyimbo za kwaya, mpira, ndi nkhani za pa Zodiak kapena MBC. Ndi ochepa amene amaganiza kuti kawailesi komweko kangagwire ntchito imene makolo a kumaiko olemera akulipirira ndalama zambiri masiku ano, yokambira mwana wamng'ono nthano popanda kumuonetsa kanema. Tsono popeza abale athu a ku Joni ndi ku Ulaya ayamba kuziona zipangizo zokambira ana nthano m'masitolo, ndipo ena amafunsa kuti atumizire chiyani adzukulu a ku Chiwamba kapena ku Kabudula, nkhaniyi yafika pofunika kuiunika bwino.

Kampani ina ya mumzinda wa Düsseldorf ku Germany inatulutsa Toniebox mu 2016. Ndi kabokosi kofewa kopanda sikirini. Mwana akaika kachidole pamwamba pake nthano imayamba, akakachotsa imasiya. Ku London kunachokera Yoto, imene imagwiritsa ntchito makhadi olowetsa pakampata m'malo mwa zidole. Mabokosi onse awiri mtengo wake umazungulira pa madola 100, ndipo kachidole kalikonse ka Toniebox kamagulidwa pakokha pa madola opitirira 10. Chimene chinawatchukitsa ndi nkhawa ya makolo pa ana okhalira kuyang'ana foni. Mu 2019 bungwe la zaumoyo la WHO linalangiza kuti mwana wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Maganizo a okonza mabokosiwa ndi abwino ndithu: mwana amve ndi makutu, zithunzi azijambula yekha m'mutu, ndipo azitha kusankha nthano popanda kudikira wamkulu. Koma chipangizo chabwino ku Düsseldorf sichingokhala chabwino ku Nambuma chifukwa choti chadula. Posankhira mwana wa kuno, choyamba kufunsa ndi ichi: kodi kalankhula chilankhulo chanji, mawu ake ndi a yani, ndipo kodi banja lingathe kuikamo mawu akeake? Pa muyeso umenewu, kawailesi ka memori ka pamsika kaja kamapambana bokosi la madola 100, ndipo sikapambana pang'ono.

Tiyambe ndi moto, popeza chipangizo chozima chimangokhala chidole. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'boma la Lilongwe, kupatula mzinda, muli anthu oposa 1.6 miliyoni. Kalembera yemweyo anaonetsa kuti m'dziko lonse ndi nyumba pafupifupi 11 pa 100 zilizonse zimene zinkaunikira magetsi, ndipo kumidzi sizinkafika ngakhale 5. Nyumba zoposa theka zinkadalira matochi a mabatire. Zinthu zasinthako, masola achuluka pamadenga, ndipo magetsi a Escom afika m'malo ambiri ochitira malonda, koma mudzi wa mkati umatchajitsabe foni polipira kwa mwini sola. Tsono Toniebox ndi Yoto sizifuna moto wokha. Pozitsegula koyamba zimafuna intaneti ya Wi-Fi, ndipo nthano yatsopano iliyonse imayenera kutsitsidwa pa intaneti isanayambe kumveka popanda netiweki. Kachidole ndi khadi zija sizisunga nthano m'kati mwake, zimangouza bokosi kuti litenge nthano yakuti. Malonda ake ali ngati a mbewu ya chimanga cha haibulidi: zokolola n'zabwino, koma chaka chilichonse uyenera kubwerera kusitolo, pamene cha makolo umasungako wekha munkhokwe. Kawailesi ka memori sikafunsa netiweki, kamatchajidwa ndi chingwe chomwecho cha foni, ndipo kakawonongeka, wokonza mawailesi wa pamsika amakadziwa m'kati mwake.

Komabe moto ndi vuto laling'ono poyerekeza ndi chilankhulo. Nthano zogulitsidwa ndi makampaniwa zili m'Chingerezi, m'Chijeremani ndi m'Chifalansa makamaka, ndipo zimakamba za zimbalangondo za m'chipale, sitima zolankhula ndi ana a mafumu a m'makanema a Disney. Mwana wa zaka 4 wa ku Chiwamba amene dziko lake ndi dimba, mbuzi, chitsime ndi chigafa cha fodya akamva zimenezo, amangomva phokoso lokoma. Pano pali chotsutsa chimene chiyenera kulemekezedwa. Makolo ambiri amafuna Chingerezi, ndipo sakulakwa, pakuti mayeso ambiri a Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi, ndipo amene walephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwanji masamu. Kodi sikwabwino kuti mwana ayambe kuchizolowera akadali wamng'ono? Yankho likuchokera ku kafukufuku wa Patricia Kuhl ndi anzake a pa University of Washington, amene anasindikizidwa mu 2003. Anatenga makanda a miyezi 9 a m'mabanja olankhula Chingerezi n'kuwamvetsa Chimandarini cha ku China maulendo 12. Amene ankalankhulidwa ndi munthu maso ndi maso anaphunzira kusiyanitsa maliwu a chilankhulocho. Amene anaonera anthu omwewo pa kanema, kapena kungowamva pa sipika, sanasiyane ndi makanda amene sanachimveko n'komwe. N'zoona kuti khanda la miyezi 9 si mwana wa zaka 5, ndipo wamkuluyo angatole nyimbo ndi mawu angapo. Koma kutola mawu si kumvetsa nkhani. Luso lotsatira chiyambi, pakati ndi mathero, lodziwa chifukwa chimene Kalulu wanamizira Fisi, ndi lolosera chimene chichitike kutsogolo, mwana amalipeza m'chilankhulo chimene amamva kale, ndipo luso limenelo ndi limene adzapite nalo ku Chingerezi akadzafika m'kalasi.

Chachiwiri chimene kafukufuku ameneyu akutiuza n'chakuti mwana amaphunzira kwambiri pamene akuyankhidwa. Mu 2018 Rachel Romeo ndi anzake a ku MIT ndi Harvard anajambula zolankhula za m'nyumba za ana 36 a zaka 4 mpaka 6 a ku Boston. Anapeza kuti chimene chinkayendera limodzi ndi luso la mwana pa chilankhulo, ngakhalenso ndi mmene mbali ya ubongo yoona za kulankhula inkagwirira ntchito, si kuchuluka kwa mawu amene mwanayo ankamva ayi, koma kuchuluka kwa nthawi zimene iye ndi wamkulu ankapatsirana mawu. Achewa sanadikire makina ounikira ubongo kuti adziwe zimenezi. Nthano ya kwathu sikambidwa kwa anthu okhala duu. Wokamba akati "Padangokhala," ana amavomera "Tili tonse," ndipo amavomerabe choncho nthano yonse. Pakati pamabwera nyimbo, wokamba amatsogolera, ana amapolokezana naye, ena akuomba m'manja. Agogo a m'kuka akaona kuti kamdzukulu kayamba kusinza amakweza mawu a Njovu, akaona kuti kachita mantha amafupikitsa za chilombo. Palibe bokosi, lodula kapena lotsika mtengo, limene limaona nkhope ya mwana. Choncho pogula tisadzinamize kuti tikugula agogo. Tikugula chothandizira, ndipo chothandizira chabwino ndi chimene chimasiya mpata woti mwana ayankhe komanso chimene wamkulu angachiimitse msanga n'kufunsa kuti, "Nanga iwe ukanakhala Kalulu ukanatani?"

Dziko lino linayesapo kale njira imeneyi, ndipo anthu ambiri a zaka za m'ma 20 amaikumbukira. Pulogalamu ya Tikwere inayamba kumveka pa MBC mu 2008, mothandizidwa ndi USAID kudzera ku bungwe la Education Development Center. Inali ya mphindi 30, yoyambira ku Sitandade 1, kenako inafika ku Sitandade 2 ndi 3. Sukulu zinalandira mawailesi opukusa ndi dzanja komanso oyendera dzuwa, chifukwa okonza ankadziwa kuti mabatire sangapezeke tsiku ndi tsiku. Chinsinsi cha Tikwere chinali kukhala chete kwa wailesi. Mphunzitsi wa pa wailesi ankafunsa funso n'kudikira, ana n'kuyankha, ndipo mphunzitsi wa m'kalasi ankauzidwa choti achite: aimitse ana, alembe pa bolodi, aloze mmodzi. Kunabweranso Tiyende, yokonzedwera ana a m'sukulu za mkombaphala ndi alezi awo. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, boma linabwereranso ku wailesi, pakuti ndiyo inkafika kumene intaneti sifika. Zimene mipingo yakhala ikuchita zikuphunzitsanso chimodzimodzi. Timakina toyendera dzuwa tomvetsera Baibulo, monga Proclaimer ndi MegaVoice, tinakonzedwa kuti anthu azimvera pagulu kenako n'kukambirana. Pa zonsezi chipangizo chinali chosavuta, mawu ambiri anali a Chichewa, ndipo pambali pake pankakhala munthu wamkulu.

Wailesi wamba ili ndi chofooka chimodzi pa mwana wamng'ono: imalankhula pa nthawi yake, siibwereza. Mwana wa zaka 3 amafuna nthano imodzimodziyo lero, mawa ndi mkuja, mpaka amakudzudzula ukasintha mawu amodzi. Akuluakulu zimawatopetsa, koma ndi mmene mwanayo amamangira mawu m'mutu mwake. Apa ndi pamene memori imapambanira.

Tsono vuto lenileni likuonekera pamene wagula kawailesi n'kupita nako kwa anyamata obena nyimbo. Pa kompyuta yawo mupeza nyimbo za Lucius Banda, za makwaya, za ku Zambia ndi ku Nigeria, maulaliki, ndi mafilimu omasuliridwa m'Chichewa ankhaninkhani. Mukafunsa nthano za ana, kawirikawiri amakuyang'anani modabwa. Chosowa m'Malawi si chipangizo ayi, ndi zoikamo. Chodabwitsa n'chakuti nthanozo zinajambulidwa kale. Kuyambira mu 2012, National Library Service pamodzi ndi Malawi National Commission for UNESCO, mothandizidwa ndi Rei Foundation ya ku New Zealand ndi kampani ya Sony, inayenda m'maboma kujambula akuluakulu akukamba nthano m'zilankhulo zawo, ndipo zinasonkhanitsidwa zoposa 200. Palinso African Storybook, ntchito ya bungwe la Saide la ku South Africa, imene ili ndi tinkhani ta ana ta m'Chichewa ndi Chinyanja tololedwa kutengedwa mwaulere. Chuma chilipo, koma chili mumzinda ndi pa intaneti, pamene mwana amene akuchifuna ali ku Kabudula.

Pamene tikudikira kuti chumacho chitsike, banja lili ndi njira yake. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 52 pa 100 zinali ndi foni, pamene zokhala ndi wailesi zinali pafupifupi 34. Mafoni ambiri, ngakhale a mabatani a Itel ndi Tecno, amatha kujambula mawu. Agogo angathe kukhala pansi madzulo, ana atawazungulira, n'kukamba nthano foni ikujambula, pamodzi ndi kuvomera kwa ana ndi nyimbo zonse. Zojambulazo zikasamutsidwira pa memori, ndipo ngati kawailesi kakuzikana, wobena nyimbo angazisinthe kukhala MP3, mwana amakhala ndi mawu a agogo ake enieni, otchula mtsinje umene amaudziwa ndi mfunda wa banja lake. Bambo amene ali ku Johannesburg kapena m'minda ya fodya ku Kasungu angatumize nthano pa WhatsApp, ndipo mwana amene sanawaone chaka chathunthu angamagone akumva mawu awo. N'zoona kuti Toniebox ndi Yoto nazonso zimalola makolo kujambula mawu awo, koma kudzera pa foni yamakono ndi intaneti, ndiye kuti tabwereranso pa vuto la intaneti lija.

Ena anganene kuti kujambula agogo ndiko kuwachotsa ntchito: ana akakhala ndi kawailesi, adzapitanso kukatani kukuka? Nkhawayi ndi yomveka, koma ikuloza mdani wolakwika. Chimene chachotsa ana pamoto wa madzulo m'midzi yambiri ndi nyumba zoonetsera mafilimu za pamsika ndi foni ya m'bale wamkulu, ndipo zimenezi zinafika kalekale. Mwana amene wamva nthano ya Kamba maulendo 20 pa kawailesi amaidziwa nyimbo yake, amaiimbira anzake kudambo, ndipo ndi iyeyo amene amakakamiza agogo kuti akambe ina. Komanso tisaiwale kuti si nyumba iliyonse ili ndi agogo. M'mabanja ambiri mayi amachoka m'bandakucha kupita kumunda kapena kuganyu, amabwera atatopa, ndipo wolera mwana ndi mchemwali wake wa zaka 10. Kumeneko kusankha sikuli pakati pa agogo ndi kawailesi. Kuli pakati pa kawailesi ndi kusamva nthano konse.

Chotsutsa champhamvu kwambiri ndi cha chitetezo, ndipo pamenepa mabokosi a ku Ulaya akupambanadi. Popeza ndi otseka, mwana sangamvemo chimene makolo kapena kampani sanaikemo. Memori ndi yotseguka. Lero muli nthano, mawa amalume aibwereka n'kuikamo nyimbo zotukwana za kumowa. Koma mankhwala ake ndi otsika mtengo: memori ya ana ikhale yawoyawo, yoikidwa chizindikiro cha penti, ndipo wamkulu ayambe wamvera zonse zimene zabenedwa asanapereke kwa mwana. Pa chifukwa chomwechi, foni si yankho, ngakhale ikhoza kuimba nthano zomwezo. Foni ili ndi sikirini, imalandira mauthenga a akuluakulu, muli ndalama za Airtel Money kapena Mpamba, ndipo mwini wake akapita kumsika amapita nayo. Kamwana kakagwira foni sikamvera nthano, kamadina.

Nanga matabuleti? Kuyambira mu 2023 boma likugawa matabuleti m'sukulu za pulayimale pansi pa pulogalamu ya BEFIT, imene inakula kuchokera ku ntchito ya onebillion ndi VSO yoyesedwa koyamba pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe. Kafukufuku anaonetsa kuti amathandiza pa masamu ndi kuwerenga. Koma amenewo ndi a ana a sukulu, kwa mphindi zowerengeka, mphunzitsi akuyang'anira. Sakuyankha funso la mwana wa zaka 3 amene ali pakhonde madzulo.

Za ndalama sitingazizembe. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera, ndipo banja limene likusonkhanitsa ya feteleza silingaike kawailesi ka mwana patsogolo. Sitiyenera kulichititsa manyazi. Koma mfundo imeneyi ikutsutsa bokosi la madola 100 kuposa mmene ikutsutsira kawailesi, kamene banja lonse limagwiritsa ntchito: bambo amverapo mitengo ya fodya ku Kanengo, mayi Radio Alinafe kapena wailesi ya Nkhoma Synod, ana nthano zawo. Ndipo m'bale wa kunja amene anali wokonzeka kutaya madola 100 pa bokosi limodzi angagule tiwailesi tingapo ndi kasola, kamodzi n'kupereka ku sukulu ya mkombaphala ya m'mudzimo, kumene mlezi mmodzi wongodzipereka amasamala ana ambirimbiri popanda buku ngakhale limodzi. Kumeneko kawailesi kamodzi kamatumikira mudzi wonse, ndipo wamkulu woimitsa ndi kufunsa mafunso alipo kale.

Pa benchi la pamsika, zoyang'ana si zambiri, koma zina mwa izo zimakhudza moyo wa mwana. Sankhani ka sipika, osati ka zomvera za m'makutu. WHO ndi bungwe la ITU analangiza mu 2019 kuti ana asapitirire madesibelo 75 kwa maola 40 pa sabata, ndipo popeza palibe amene amayenda ndi choyezera, muyeso wa pakhomo ndi wakuti ngati mukufunika kukuwa kuti mwana akumveni, phokoso lachuluka. Zomvera za m'makutu zimatsekeranso mwana kunja kwa anzake, pamene nthano ndi ya pagulu. Onani chitseko cha batire. Chikakhala chotseguka ndi chala, chimangeni ndi tepi, ndipo chilichonse choyendera timabatire tobulungira tonga ndalama yachitsulo chikanidwe, chifukwa mwana akameza kamodzi kamawotcha kummero m'maola ochepa, ndipo kuchokera kumudzi wa mkati kufika ku St Gabriel's ku Namitete kapena ku Kamuzu Central si ulendo wa mphindi zochepa. Memori nayonso ndi yaing'ono yoti n'kumezedwa, choncho pakampata pake pamatidwe. Batire lotupa lisatchajidwenso. Mabatani akhale akulu ndi ochepa, kuti mwana wa zaka 4 adziwe lopitira kutsogolo ndi lobwerera. Kena kamene ogula amaiwala ndi kufunsa ngati kawailesi kamakumbukira pamene kanalekezera kakazimitsidwa, chifukwa kopanda luso limeneli kamayambiranso nthano yoyamba nthawi zonse. Ndipo yesani memori yanu pomwepo musanalipire, pakuti zabodza zolembedwa 32GB koma zosunga zochepa zadzaza m'misika.

Chotsala ndi cha mabungwe, ndipo si chodula. Nthano ya mphindi 10 yojambulidwa bwino ngati MP3 ya mawu okha imatenga malo osapitirira 5MB, kutanthauza kuti memori ya 2GB ingasunge nthano pafupifupi 400, kuposa zonse zimene zinasonkhanitsidwa m'ntchito ya National Library Service ija. Njira yofalitsira ilipo kale, ndiyo anyamata obena nyimbo amene ali pa msika uliwonse kuyambira ku Mpingu mpaka ku Nambuma, amenenso COSOMA imawadziwa chifukwa imawapatsa ziphaso. Chofunika n'chakuti eni zojambulazo agwirizane ndi okamba nthano kapena mabanja awo za ufulu wa ntchito yawo, asankhe zoyenera ana aang'ono, azichotse pa kanema kuti zikhale mawu okha, ndipo alole kuti zibenedwe mwaulere. Ofesi yoona za chisamaliro cha anthu m'boma la Lilongwe, imene imayang'anira sukulu za mkombaphala, ingathe kugawa memori zoyamba kudzera mwa alezi akabwera ku maphunziro awo, ndipo mawailesi a m'madera angaziulutse madzulo kuti makolo adziwe choti akafunse pa benchi.